Kujambula matope a pansi pa nyanja: vuto la kunyezimira ndi kusintha kwa mtundu

Funso: Ndangoyamba kumene ntchito yojambula matope amene ofufuza amatulutsa pansi pa nyanja ali m'mapaipi apulasitiki. Kamera yanga ndi yabwino ndithu, koma zithunzi zikutuluka ndi timadontho toyera, ndipo zidutswa zochokera m'paipi imodzi zikuoneka zosiyana mtundu. Kodi kamerayi yawonongeka?

Yankho: Musafulumire kuida kamerayo, chifukwa timadontho toyerato ndi madzi amene akunyezimira pamwamba pa matope a m'paipi imene yangong'ambidwa pakati kumene. Choyamba, palani pamwambapo ndi kagalasi kopyapyala kapena kachitsulo kosachita dzimbiri, ndipo dzanja lanu liziyenda mopingasa paipi, osati motsata utali wake. Mukapala chotsika mumakokera matope a mzere wina pa mzere unzake, ndipo timizere tating'ono timene tinaunjikana kwa zaka zambirimbiri timafufutika kamodzin'kamodzi. Mukatero ikani nyali ziwiri zofanana, ina uku ina uku, zopendekeka madigiri 45, kamera itayang'ana pansi chindunji. Ngati kunyezimirako kukupitirira, ikani fyuluta ya polarizer, yochepetsa kunyezimira, pa nyali zonse ziwiri ndi ina pa lenzi, kenako muzipotoza ya pa lenziyo pang'onopang'ono mpaka timadonthoto titazimiririka.

Nkhani ya mtundu ndiyo yofunika kuifatsira, pakuti zoyambitsa zake ndi ziwiri. China ndi chakuti kamera ikamadzisankhira yokha kuwala, imawalitsa matope akuda ndi kudetsa oyera, motero chithunzi chilichonse chimatuluka ndi muyeso wakewake. Itchereni pamanja, musasinthenso kanthu mpaka paipi yonse itatha, muzimitse magetsi a m'chipindamo, ndipo musunge zithunzi zanu mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yajambula osasintha kanthu. Pambali pa matope pazikhala rula, khadi lotuwa loyezera kuwala, ndi chizindikiro chosonyeza mbali yakumwamba.

Chinacho si vuto la makina ayi, koma la matope enieniwo. Pansi pa nyanja matope ambiri amakhala opanda okosijeni, ndipo ena amada chifukwa cha ayironi wosakanikirana ndi salufa. Akangokumana ndi mpweya, kuda kuja kumayamba kuzilala, moti chidutswa chimene m'mawa chinali chakuda bii chikhoza kufika madzulo chitatuwa kapena chitafiirira. Palibe pulogalamu ya pakompyuta imene ingakubwezereni mtundu umene simunaujambule. N'chifukwa chake pa sitima yofufuzira ya JOIDES Resolution, imene inamaliza maulendo ake mu 2024, paipi ya mamita 9.5 inkadulidwa m'zidutswa za mita 1.5, chidutswa chilichonse n'kung'ambidwa pakati, ndipo theka loti lisungidwe linkajambulidwa mosachedwa ndi kamera yoyenda panjanji, yojambula mzere umodzi nthawi imodzi. Matopewo amasungidwa ku Bremen (Germany), ku College Station (America) ndi ku Kochi (Japan) m'zipinda zozizira pafupifupi madigiri 4 a Celsius, komabe ofufuza amadalira chithunzi choyamba chija akafuna kudziwa mtundu wake weniweni.

Popeza yanu ndi kamera wamba, musayese kutenga chidutswa chonse m'chithunzi chimodzi, chifukwa lenzi imapinda zinthu chakum'mphepete ndipo kuwala kumachepanso komweko. Jambulani pang'onopang'ono, chithunzi chilichonse chizilowako mwa chinzake, ndipo polumikiza mugwiritse ntchito pakati pokha, mukutsata manambala a pa rula.