Pikapu ikamazima pachitunda, musafulumire kumasulitsa pampu

Achimwene ena a ku Dómue andilembera pa imelo. Hilux yawo yakale ya dizilo, ya injini ya 3L, imalira bwinobwino m'mawa, koma ikasenza katundu n'kuyamba chitunda imatsamwa, mphamvu n'kutha, kenako zii. Akaidikira pang'ono imaliranso. Makaniko wawauza kuti pampu yopopera dizilo mu injini yatha, apeze ndalama. Akufunsa ngati alipire.

Achimwene, musalipire kaye. Kalata yanuyi yandikhudza kwambiri, chifukwa mawu oti "pampu yatha" anandigwetsapo m'mavuto aakulu.

Nthawi imeneyo ndinkanyamula mbatatesi ku Tsangano kupita nazo kumsika wa Kwachena ku Tete. Odziwa njirayi akudziwa: umatsika kumapiri kozizira, kulowa N7 pa Mussacama, ndipo ukamayandikira Moatize kutentha kumakhala kwina, mwezi wa Okutobala kumapitirira madigiri 40. Galimoto yanga inayamba zomwe ikuchita yanuzi. Makaniko wina anangomvera injini ikulira, osagwira ndi sipanala yomwe, n'kunena kuti pampu. Anaichotsa, kuitumiza kwa anzake, galimoto n'kukhala pamiyala. Mbatatesi siidikira munthu pamalo otentha chotero. Matumba anayamba kudontha madzi kunsi, fungo lili guu, ndipo ndinagulitsa motaya kwa amayi ena a pamsika amene anandimvera chisoni. Alimi amene anandikongoza katunduyo ndinawabwezera ndalama pogulitsa mbuzi za kumudzi. Pampu itabwera, tinamanga, ndipo pachitunda choyambirira galimoto inazimanso.

Anandipulumutsa ndi madala ena amene anayendetsa malole kwa zaka zambiri. Anatenga botolo loyera la madzi akumwa, n'kumasula kampopi kakang'ono kunsi kwa fyuluta ya mafuta. Zimene zinatsikira m'botolomo zinagawikana pawiri, dizilo pamwamba, pansi madzi ofiira ndi dzimbiri. Madzi ngolemera kuposa dizilo, ndiye amakhala pansi. Kenako anati titsitse thanki. Pakamwa pa paipi yokoka mafuta panali ndere zakuda zoterera, komanso kachidutswa ka jumbo ngati chikhatho cha mwana. Injini ikamakoka mwamphamvu pachitunda, kapepalako kankamatirira pakamwa pa paipi. Ikazima, kankamasuka n'kumayandama. N'chifukwa chake galimoto inkalira ukaidikira.

Jumboyo inachokera kuti? Ku mafuta a m'zigubu. Ogulitsa amatseka pakamwa pa chigubu ndi pepala la jumbo kuti chisadonthe, ndiye pothira limang'ambika. Sindikuwanyoza anyamatawa. Munthu ukakhala mkati mwa Macanga kapena Chifunde, bomba (malo omwetsera mafuta) ili kutali, amakuthandiza ndi iwowo. Koma zigubu zimakhala padzuwa ndi pamvula, ndipo alipo ena osaopa Mulungu amene amasakaniza palafini. Palafini alibe mafuta oterera ngati a dizilo, choncho amadya pampu mkati pang'onopang'ono. Kumeneko ndi kuba, ngakhale mtengo ukhale wotsika bwanji.

Ndipo ndinene mosabisa: makaniko amene amatchula pampu asanaone fyuluta musamupatse galimoto yanu. Pampu ndi chinthu chopimidwa bwino kwambiri, chimafuna malo aukhondo ndi makina oyesera. Kuimasula pansi pa mtengo wa mango, fumbi la malole a malasha likuuluka, ndiye kuti ngakhale inali yabwino ibwerako yodwala. Ana athu ambiri akuphunzira ntchitoyi pongoonerera, ndipo amakonda zikuluzikulu chifukwa ndi zimene zili ndi ndalama. Zimandiwawa, chifukwa amene amalira ndi mlimi amene pikapu imodziyo ndiyo imanyamula fodya, chimanga, odwala ndi maliro a mudzi wonse.

A ma Hilux atsopanoko, a injini za D-4D, inu nkhani yanu njina pang'ono. Injini zimenezo zimayendera kompyuta, ndipo kavalavu koyeza mafuta olowa m'pampu kotchedwa SCV, kapena sensa ya kirankishafuti youza kompyuta mmene injini ikuzungulira, zimatha kuzimitsa galimoto. Pamenepo pamafunika kulumikiza makina owerenga matenda. Koma madzi m'mafuta amazipweteka kuposa zakalezi.

Ndiye muchite chiyani

Yambani ndi botolo loyera kunsi kwa fyuluta, ndipo fyulutayo musinthe ndithu, njotsika mtengo. Ikazimanso, tsikani msanga mutsegule chitsekero cha thanki. Mukamva mpweya ukulowa kuti fyuu, kabowo kopumira katsekeka. Kenako dinani kapampu ka dzanja kali pamwamba pa fyuluta. Kakamalowa mosavuta osalimba, mpweya ukulowa penapake, yang'anani mapaipi a labala ong'ambika ndi zomangira zake. Kakamira osabwerera, njira yochokera kuthanki yatsekeka, tsitsani thanki mutsuke. Muonenso waya umodzi umene umapita ku solenoidi ya papampu, kachipangizo kamagetsi kotsegula ndi kutseka mafuta: ukagwedera, injini imazima mwadzidzidzi popanda kutsamwa, makamaka pamabampu. Fyuluta ya mpweya muiunike padzuwa, fumbi la misewu yathuyi mukulidziwa.

Njira yachidule yotsimikizira ndi iyi: ikani dizilo waukhondo wa pabomba m'kachigubu, mumangirire bwino, mulowetsemo paipi yopita kufyuluta ndi yobweza mafuta yomwe, mukwere chitunda chomwecho ndi katundu. Ikakwera osazima, pampu yanu ilibe mlandu. Ikazimabe, apo ndiye mupite nayo ku Tete kwa amene ali ndi makina oyesera, ndipo manozo, tizipangizo tofayira dizilo mu injini, ayesedwe limodzi. Mundilembere zimene mupeze m'botolomo.