Laser yothwanima ikwana bwanji pa chip?

Mmodzi wa inu owerenga wanditumizira imelo: "Laser yothwanima mwachangu imadzaza tebulo lonse mu labotale. Ndamva kuti tsopano ikukwana pa chip. Kodi n'zoona?"

N'zoona ndithu, kungoti chimene chili pa chip, kachidutswa kakang'ono konga kamene kamayendetsa foni ndi kompyuta, n'chosiyana ndi chimene mukuganizira. Pali kamphete kotchedwa microresonator, kopangidwa ndi silicon nitride (chinthu cholimba chodutsitsa kuwala), kosafika ngakhale milimita imodzi m'mimba mwake. Kokha sikapanga kuwala. Kamalandira kuwala kosadukiza kuchokera ku laser wamba yotulutsa mtundu umodzi wokha wa kuwala, n'kukutsekera mkati. Kuwalako kumazungulira kambirimbiri kusanathe, mphamvu n'kumaunjikana, mpaka mtundu umodzi uja n'kubala mitundu ina yambirimbiri yotalikirana mofanana ngati mano a chipeso. Gulu la wasayansi Tobias Kippenberg linaonetsa zimenezi mu 2007 ku Garching, m'dziko la Germany, pogwiritsa ntchito kamphete ka galasi.

Koma kuchuluka kwa mitundu sikokwanira. Kuti kuwala kuthwanime, mitundu yonseyo iyenera kuyendera limodzi. Izi zinalengezedwa mu 2014 ku yunivesite ya EPFL, mumzinda wa Lausanne ku Switzerland, pomwe anapeza soliton mkati mwa kamphete. Soliton ndi kachidutswa ka kuwala kosasintha maonekedwe: kamphete kamafuna kukamwaza, mphamvu ya kuwalako imakapanikiza, ziwirizi n'kulingana. Mphamvu imene yatayika, laser ija imabwezeretsa. Kakazungulira kamodzi, pang'ono pake pamatulukira kunja, ndipo kumeneko ndiko kuthwanima. Kamphete kakachepa, kuthwanimako kumafulumira, mpaka ka 1 thililiyoni pa sekondi.

Vuto lalikulu, limene nkhani zambiri zimalilambalala, ndi kutentha. Soliton akangobadwa, mphamvu m'kamphete imatsika mwadzidzidzi, kamphete kamazizira, sikagwirizananso ndi laser ija, soliton n'kufera pomwepo. Akatswiri anavutika nalo zaka ndithu asanapeze njira zolipewera. Komanso kawirikawiri kuwala kumene kumasanduka soliton ndi kochepa zedi poyerekeza ndi kumene kwalowa. Choncho musayembekeze kudulira chitsulo ndi kachipangizo kameneka. Ntchito imeneyo ikadali ya makina aakulu aja.

Kumene ine ndimakaona kukhala kaphindu n'kutumiza uthenga, chifukwa mtundu uliwonse umanyamula wakewake. Mu 2017 gulu la ku Karlsruhe, ku Germany, linadutsitsa uthenga wa materabiti opitirira 50 pa sekondi (terabiti imodzi ndi tizidutswa ta uthenga 1 thililiyoni). Mu 2018 a ku Columbia University, ku America, anayendetsa kachipangizo kotere ndi batire ya AAA.