Nkhalango ikadulidwa, bwanji nyama sizingosamukira kwina?

Mayi, mwafunsa kuti malo okhala zamoyo ndi chiyani kwenikweni, ndiponso chifukwa chake nyama zimatha nkhalango ikadulidwa m'malo mongosamukira ina. Mafunso awiriwa yankho lake ndi limodzi.

Malo okhala chamoyo ndi pamene chimapezapo zonse zofunika kuti chikhale ndi moyo mpaka kuswana: chakudya, madzi, pobisala, poswanirana ndi malo okwanira oyendamo. Palinso kutentha, chinyezi, kuwala ndi mtundu wa dothi kapena wa madzi. Chikasowa chimodzi, zotsalazo sizipulumutsa chamoyocho. N'chifukwa chake kunena kuti "nsomba imakhala m'madzi" n'kosakwanira. Madzi ake ati? Madzi ozizira a 0°C amasunga okosijeni, mpweya umene nsomba zimapuma, wokwana mamiligalamu pafupifupi 14 pa lita, koma akafika 30°C amasunga pafupifupi theka lake. Nsomba yozolowera mtsinje wozizira wothamanga mukaiponya m'dziwe lofunda imabanika, imayamba kutsegula kukamwa pamwamba pa madzi, kenako n'kufa, madzi ali tho.

Chimene ambiri saganizira n'chakuti chamoyo chimodzi chimatha kufuna malo angapo pa moyo wake. Taonani chule. Mazira amaikira m'madzi odekha, ndipo mitundu yambiri imasankha zithaphwi za nyengo ya mvula chifukwa mulibe nsomba zodya ana ake. Mbululu zimapuma m'madzi, zimadya ndere, ndipo zimafuna masabata angapo kuti zimere miyendo. Chithaphwi chikaphwa zisanamere, zonse zimauma pamatope. Chule wamkulu naye amafuna pamtunda pachinyezi, pansi pa masamba ogwa kapena pachipika chowola, poti amapumiranso pakhungu ndipo khungulo likauma wapita. Ndiye munthu atha kusiya dziwe lili bwinobwino, n'kusesa ndi kutentha masamba onse ozungulira, achule n'kutha ndithu. Dziwelo linali gawo chabe la mudzi wawo.

Mitengo nayonso si yofanana kwa mbalame. Akadzidzi ambiri amaikira mazira m'mphako, ndipo mphako yaikulu imapezeka mumtengo wokalamba, umene watha zaka makumi ambiri. Kudula mitengo ikuluikulu n'kubzala mbande ndi chinthu chabwino kuposa kusiya poyera, koma kadzidzi alibe poikira mpaka mbandezo zidzakalambe. Munda wa mitengo ya mtundu umodzi yobzalidwa m'mizere sulowa m'malo mwa nkhalango yachilengedwe, ngakhale pachithunzi zonse zimaoneka zobiriwira.

Tsono za kusamuka. Choyamba, nkhalango inayo ili kale ndi eniake. Chakudya ndi mapanga ake zimakwanira chiwerengero china chake cha nyama, ndipo yobwera imathamangitsidwa kapena kufa ndi njala. Chachiwiri ndi njira. Nkhono, chule kapena bongololo amavutika kwambiri kuwoloka msewu wa phula ndi minda youma. Ngakhale nyama zazikulu zimatsekeredwa. Panda, chimbalangondo cha ku China, amadalira nsungwi, ndipo amadya makilogalamu 12 kapena kuposerapo pa tsiku. Nsungwi za mtundu umodzi zimachita maluwa nthawi imodzi pakapita zaka zambiri, kenako zimauma zonse m'dera lonselo. Kale apanda ankangotsika phiri kukadya mtundu wina, koma minda ndi midzi itadzaza zigwa, njira inatsekeka, ndipo m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ambiri anafa ndi njala ku Sichuan, chigawo cha dziko la China. Mu 2021 China inakhazikitsa Giant Panda National Park, nkhalango yotetezera apanda, imene cholinga chake china ndi kulumikiza zigawo za nkhalango zomwe zinadukaduka.

Kudukadukaku n'koopsa kuposa mmene kumaonekera. Kankhalango kakang'ono kamakhala ndi mphepete yambiri: mphepo ndi dzuwa zimalowa mpaka pakati, dothi limauma, moto umalowa mosavuta. Nyama zochepa zotsalamo zimaswana pachibale, ana n'kumabadwa ofooka. Lipoti la 2019 la IPBES, bungwe la mayiko ambiri lounika za zamoyo ndi chilengedwe, linati mitundu ya zamoyo pafupifupi 1 miliyoni ili pangozi yotha, ndipo pa zoyambitsa zonse linaika patsogolo kusintha kwa kagwiritsidwe ntchito ka nthaka ndi nyanja.

Mukafuna kudziwa malo okhala chamoyo chilichonse, musayambe ndi dzina la malowo. Sankhani chamoyo chimodzi, muchione m'mawa, masana ndi usiku, m'chilimwe ndi m'dzinja. Lembani chimene chimadya ndi komwe chakudyacho chimachokera, komwe chimamwa, komwe chimathawira chikadzidzimuka, komanso komwe kuli mazira kapena ana ake. Ichi chomalizachi n'chimene chimavuta kupeza, komanso n'chimene chimawonongeka msanga. Poyesa, tembenuzani chipika chowola: pansi pake mupeza nyongolotsi, abongololo, chiswe ndi timizu toyera ta bowa, zonse zodalira mdima ndi chinyezi cha pamenepo. Mukatha kuona, chibwezereni momwe chinalili, mbali yonyowa pansi, chifukwa chikakhala chogadama padzuwa zambiri mwa izo zimauma tsiku lomwelo.