Ziwerengero za Power BI zikasiyana ndi za mu SAP

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake malipoti anu a Power BI (pulogalamu yopangira malipoti) sakugwirizana ndi za mu SAP (pulogalamu yosungira maoda, mainvoisi ndi maakaunti a kampani). Musafulumire kuloza chala Power BI. Yambani ndi nthawi: pa laisensi ya Power BI yotchedwa Pro, deta imalowa yokha maulendo osapitirira 8 patsiku, ndiye mwina invoisi ya m'mawa uno sinafike.

Koma kawirikawiri nkhani imagona pa kawerengedwe. Amalonda amawerenga oda ikangolowa, a maakaunti amadikira invoisi. Kasitomala mmodzi yemweyo amapezeka ndi nambala ina mu CRM (pulogalamu yosungira zambiri za makasitomala), ina mu SAP, n'kuwerengedwa kawiri. Akhazikeni pansi anthuwa agwirizane kaye, ndipo muzilembe, poti mawa adzakana.

Ine sindikonda kulumikiza malipoti mwachindunji ku SAP imene anthu akugwirirapo ntchito, imayamba kuchedwa. Muzikokera deta mu warehouse (nkhokwe yapadera ya deta) usiku, Power BI izitunga kumeneko.