Mafunso pa Chichewa: mabuku a amakaniko a ndege za asilikali a pamadzi

Funso: Ndikulemba nkhani yofotokoza mabuku amene amakaniko a ndege za asilikali a pamadzi ku America amatsatira. Onse ndangowatcha "mabuku okonzera ndege". Kodi ndalakwitsa?

Yankho: Ngati ndi dzina la mabuku onse pamodzi, palibe cholakwika. Vuto limabwera mukafika pa buku limodzilimodzi, chifukwa mneni "kukonza" umanyamula zambiri: timakonza njinga yowonongeka, timakonza chakudya, timakonzanso m'nyumba. Pa ndege ntchitozi n'zosiyana, ndipo iliyonse ili ndi buku lake. Choncho tchulani buku potengera ntchito imene limagwira.

Mabukuwa amadziwika ndi zilembo zofupikitsa mayina awo a Chingelezi. MIM ndi buku la malangizo a kagwiridwe ka ntchito. Limafotokoza mmene chipangizo chimagwirira ntchito, mmene mungafufuzire vuto, kuchichotsa, kuikapo china ndi kuchiyesa. IPB ndi buku la zithunzi ndi manambala a zipangizo. Limasonyeza chipangizo chitaphwasulidwa, kachidutswa kalikonse ndi nambala yake, kuti makaniko aitanitse choyenera. Musalitche lokonzera, poti silinena kakonzedwe. MRC ndi makadi oyendera ndege, ndipo khadi lililonse limanena choti chiwonedwe ndi mmisiri woyenera kuchiwona. Apa mneni wake ndi "kuyendera", chifukwa ndegeyo sinawonongeke. SRM ndiye tinganene kuti ndi buku lokonzera thupi la ndege, loti mng'alu kapena kupindika kukafika pamlingo wakuti, mbaliyo ikonzedwe motere kapena ichotsedwe. NATOPS, ndondomeko yomwe inayamba mu 1961 ndipo ili ndi mabuku akeake, ndi ya kayendetsedwe ka ndege, choncho musayiike m'gulu la mabuku okonzera.

Pa mgwirizano wa mawu, ikani dzina la Chichewa patsogolo pa zilembozo kuti ndilo lilamule chiganizo: "buku la IPB likusonyeza", "makadi a MRC akunena". Mukalemba "MIM yanena" pano, kwina "MIM lanena", owerenga aziyesa zinthu ziwiri.

Funso: M'mabukuwa muli mitu itatu, WARNING, CAUTION ndi NOTE. Iwiri yoyambayo ndaimasulira kuti "chenjezo". Mnzanga akuti sizoona. Wolondola ndani?

Yankho: Mnzanuyo. Pocheza, mawu awiriwa tingawatche chenjezo onse, koma m'mabuku amenewa anawasiyanitsa dala. WARNING imalembedwa pamene kulakwitsa kungavulaze kapena kupha munthu. CAUTION imalembedwa pamene kulakwitsa kungawononge chipangizo. NOTE ndi mfundo yofunika kuitsindika, yopanda ngozi mkati mwake. Ine ndimalimbikitsa kuti woyamba ukhale CHENJEZO, wachiwiri SAMALANI, wachitatu DZIWANI IZI, ndipo mufotokoze tanthauzo la uliwonse kumayambiriro kwa zolemba zanu.

Taonani kusiyana kwake. "CHENJEZO: Tsitsani mphamvu ya mafuta a haidiroliki musanamasule paipi." M'ndege zambiri zankhondo mafutawa amakankhidwa pa 3,000 psi (psi ndi muyezo wa mphamvu yokankha), ndipo akatuluka pa kabowo kakang'ono amatha kuboola khungu. "SAMALANI: Tsekani kukamwa kwa paipi mukangoimasula." Apa munthu savulala, koma fumbi likalowa limakanda mavavu ndi pampu. Mitu yonse iwiri ikakhala chenjezo, makaniko wothamangira nthawi sadziwa pamene moyo wake uli pachiswe. Musasunthenso malo ake. Chenjezo lolembedwa pamwamba pa ntchito likhale pomwepo, kuti munthu aliwerenge asanagwire sipanala.

Funso: Nanga shall, should, may ndi will? Kwa ine onse akumveka ngati "ayenera" kapena "angathe".

Yankho: Apa m'pamene omasulira ambiri amaterereka. Mabuku a NATOPS amatanthauzira okha mawu anayiwa. Shall ndi lamulo losakambirana. Should ndi njira yolimbikitsidwa. May ndi chinthu choti munthu achite kapena asiye. Will amangonena za m'tsogolo, salamula.

Chichewa chili nazo zonsezi, bola mutasankha njira imodzi n'kuigwiritsitsa. Pa lamulo gwiritsani ntchito mneni wolamula kapena "ayenera": "Tsukani ndege", "Ndege iyenera kutsukidwa". Mukasankha zimenezi, "ayenera" asawonekerenso pa uphungu wamba. Kumeneko lembani "ndi bwino kuti". Pa may pewani "angathe" ndi "akhoza", chifukwa mawuwa amanena za luso, za chilolezo, ngakhalenso za zinthu zongoyerekeza. "Makaniko angathe kuchotsa chitseko" sizikudziwika ngati ali ndi mphamvu zake kapena waloledwa. Lembani "n'kololedwa kuchotsa chitseko". Will ndi -dza- basi: "nyali idzayaka".

Chenjeraninso ndi ulemu wathu wa "mungachite bwino kutsuka". Polankhula ndi akulu ndi mawu okoma, koma m'buku la ntchito amasandutsa lamulo kukhala pempho.

Funso: Kodi corrosion ndi dzimbiri?

Yankho: Pa chitsulo wamba, inde. Koma munthu akamva dzimbiri amayembekezera kufiira, pomwe mbali yaikulu ya thupi la ndege zambiri ndi aluminiyamu, amene akayamba kudyeka amatulutsa ufa woyera kapena wotuwa, nthawi zina penti n'kutukumuka pamwamba. Mawu ophatikiza zonse ndi "kudyeka kwa zitsulo", ndipo dzimbiri likhale mtundu umodzi chabe. Nkhaniyi ndi yaikulu panyanja ya mchere, moti buku la NAVAIR 01-1A-509 limanena kuti ndege yokhala pa sitima itsukidwe masiku 7 aliwonse, ya kumtunda masiku 14.

Funso: "Torque to 60 inch-pounds" ndalemba kuti "mangani kwambiri". Zili bwino?

Yankho: Ayi. "Kwambiri" si mlingo. Lembani "mangani nati ndi sipanala yoyezera mphamvu mpaka 60 inch-pounds", nambala ndi muyezo wake zikhale monga zilili m'buku. Musasinthe inch-pound kukhala foot-pound, chifukwa foot-pound imodzi ndi ma inch-pound 12. Wowerenga molakwika amanga kuwirikiza ka 12, ndipo bawuti iduka kapena mazinga ake aphwanyika.