Za Chisomo ndi sukulu ya mano

Achemwali, mwaswera bwanji ku Ulongué? Pepani ndachedwa kuyankha, dzulo ndinagwira ntchito ya usiku. Funso lanu ndalimva, lakuti Chisomo akufuna kukaphunzira udokotala wa mano kunja, koma décima segunda, kalasi yomaliza ya sekondale, wamaliza ndi média ya 11 pa 20, ndiye kwabwera munthu wina akuti mukamupatsa ndalama amupezera malo ku Portugal. Ndiyambire pa munthu ameneyo. Ng'ombe zija musagulitse, chonde. Alamu ngati akumva nawo, ndikubwerezanso, musagulitse. Sukulu za ku Portugal munthu amalembera yekha pa intaneti, safuna mkhalapakati ayi.

Tsono ku Portugal kuli chonchi. Maphunziro a mano ndi zaka 5. Sukulu za boma zili ku Lisboa, Porto ndi Coimbra, ndipo alendo ali ndi khomo lawolawo, amati estudante internacional. Malo ake ndi ochepa, amasanja anthu potengera manotasi, makamaka a maphunziro a sayansi a Biologia ndi Química. Mwana wa 11 akaima pamzere umodzi ndi ana a 17, eee, inunso mukudziwa. Sukulu za eni ake, monga Egas Moniz, mwina nkumulandira, koma propina yake, ndalama yolipirira sukulu, ndi ya mayuro, ndipo yuro imodzi ndi mametikali oposa 60. Kuwonjezera nyumba, chakudya, ndi zipangizo, poti ophunzira mano zida zambiri amagula okha. Zaka 5 zimenezo, achemwali, ndi kachewere wathu yemweyu? Mwana nkudzabwerera ali chaka chachiwiri, khola lili mbee.

Ku Brasil ndiye kukanakhala bwino. Kuli pulogalamu imene amati PEC-G, sulipira propina, umalembetsa kudzera ku embaixada yawo ku Maputo. Koma amafuna média ya 60%, ndiye kuti 12 pa 20. Chisomo watsala ndi imodzi yokha, zimene zikundipweteka ine ndi zimenezo. Komanso banja limasaina kalata yolonjeza kuti lizimutumizira ndalama mwezi ndi mwezi.

Wina anatchulapo za ku Malawi. Inde, ku Blantyre anayamba kuphunzitsa madokotala a mano mu 2019, sukulu yake pano ndi KUHeS. Koma musanyengeke poti Dedza ndi pafupi. Chisomo akangodutsa pa malire a Calómuè iyeyo ndi mlendo, alipira ngati mlendo, ndipo zonse amaphunzitsa m'Chingerezi. Chinyanja chimuthandiza polankhula ndi odwala, pa mayeso ayi. Ku America ndisatchule n'komwe, amafuna uyambe wamaliza digiri ina, ulembe mayeso olowera sukulu ya mano otchedwa DAT, kenako zaka 4.

Dikirani pang'ono, ana akusokosa... Eya, ndimati chiyani? Maganizo anga ndi awa. Medicina Dentária, udokotala wa mano womwewo, iliko konkuno ku Mozambique. UniZambeze, faculdade yake ya zaumoyo ili mu Tete momwe muno, komanso UniLúrio ku Nampula. Kumeneko kuli mayeso olowera, exame de admissão, ndiye mwana amakhala ndi mwayi wachiwiri woonetsa mutu wake, 11 uja sakhala mawu omaliza. Anthu amachuluka, sindikunamizani, koma kumeneko ndiye angalimbane. Mumutumize kuno adzakhale ndi ine, ndimupezera womuphunzitsa Química, poti pamene pakumupweteka ndi pomwepo. Ndalama ya ng'ombe imodzi ikwanira zonsezo, ina nkutsala. Kutentha kwa kuno adzangozolowera, tonsefe tinalira chaka choyamba.

Zikakanika, pali njira ya utécnico wa odontoestomatologia, imene amaphunzitsa m'masukulu a zaumoyo. M'zipatala za m'maboma ambiri amene amachotsa mano ndi amenewo. Amagwira ntchito, amalandira, ndipo ena amadzapitiriza ku yunivesite pambuyo pake. Akakhala ndi digiri ya kuno, kupita kunja kukawonjezera maphunziro kumapepukirako, chifukwa sayang'ananso za décima segunda.

Koma chinthu chimodzi, mumufunse Chisomoyo bwinobwino. Akufuna mano kapena akufuna ndege? Paja mwana ameneyu ankathawa tikamapha nkhuku. Akabwera ndidzamupemphera chilolezo akaonerere tsiku limodzi kuchipatala, aone magazi ndi mafinya a m'kamwa, amve ndi fungo lake, kenako tidzakambirane.

Munditumizire chithunzi cha certificado yake madzulo ano, ndione manotasi onse. Ndipo akamabwera asaiwale kathumba ka kachewere, kuno wadula. Moni kwa amayi.