Kodi kampani yaing'ono ya zovala za yoga tiikhulupirire?

Achemwali, mwafunsa ngati kampani yaing'ono ija ikunena zoona kuti zovala zake za yoga siziwononga chilengedwe komanso kuti osoka amalipidwa bwino. Kuchepa kwa kampani si umboni ayi. Ena amangooda zosokasoka ku fakitale n'kumatapo dzina lawo.

Yambani ndi kalebulo kam'kati mwa chovalacho. Mukaona "recycled polyester", kawirikawiri amakhala mabotolo apulasitiki osungunula. Ndi zabwino ndithu, koma pochapa nsaluyo imatayabe tizidutswa ta pulasitiki m'madzi. Elastane yochititsa kutanuka ija ikasakanizidwamo, chovala chikatha chimavuta kuchibwezanso kukhala ulusi. Zovala za ulusi wa nsungwi musatengeke nazo, poti nsungwizo zimasungunulidwa ndi mankhwala aukali kuti zifewe chonchija.

Ziphaso nazo n'zosiyana. OEKO-TEX Standard 100 imayeza mankhwala oopsa mu nsalu basi, za malipiro siinenapo. GOTS ndiyo imayang'ana kalimidwe ka thonje ndi kasamalidwe ka antchito komwe. Apempheni nambala ya chiphaso mukatsimikize nokha.

Kenako afunseni dzina la fakitale ndi kumene ili. Chigwereni nyumba ya mafakitale osoka zovala ya Rana Plaza ku Bangladesh mu 2013, pomwe anthu oposa 1,100 anafa, funsoli si lachilendonso. Akayamba kuzembazemba, ine ndalama yanga sindingawapatse.